Bokosi la Amtali Linali ndi Fumbi

Lachinayi, 7 koloko m'mawa, telala uja tinkamuti Amtali anapezeka atafa kuseri kwa shopu yake, atamenyedwa ndi simbi m'mutu. Inu, munthu kutalika ngati pholo la magetsi! Mutu pakhonde, mapazi m'ngalande.

Wapolisi wofufuza, bambo wa imvi wosadziwa kuseka, anayamba ndi mkazi wa malemu.

"Mayi, munkakangana?"

"Tsiku lililonse, bwana. Koma ndikanafuna kuwapha ndikanadikira amalize diresi langa."

Anawasiya. Nthawi ya 10 koloko alamu ake a malemu anatulukira ndi bokosi la maliro, akulira mokuwa kuposa amasiye. Wofufuza uja anadutsitsa chala pachivundikiro. Fumbi lokhalokha! Komatu bokosilo linali la msinkhu wa Amtali ndendende.

Pofika 11 koloko, kalipentala amene anakhoma bokosilo ndi alamuwo anali atakhala pabenchi kupolisi.

"Bokosi lalitali chonchi mwakhoma liti?"

"Mwezi watha, bwana," anatero kalipentala. "Wondibweretsera kasitomala ndimamupatsa kangachepe. Awawa anadzandiuza kuti Amtali ali kayakaya kuchipatala. Ndinakhoma, n'kuwapatsiratu zawo. Basi munthu uja kuchira! Kumadutsa pakhomo panga akuimba mluzu!"

Wofufuza anatembenukira alamu aja. Alamuwo thukuta kamukamu, kenaka anaulula.

"Bwana, mbiri yanga inathera pomwepo. Ndikabweretsa uthenga wa maliro enieni, akalipentala ankati, 'Kaya, mwina adzukanso.' Odwala atamva kuti ndimadyapo, ndikapita kukawazonda ankatseka chitseko. Ngakhale mayi anga ondibala, ndikawafunsa kuti mwadzuka bwanji, ankayankha kuti, 'Ukufunsiranji?' M'mawa uno ndinakapempha alamu anga Amtali kuti agule bokosilo, asunge. Anandiseka, ati andisokera suti yoti ndigonemo ndekha. Simbi inali pafupi..."

Unyolo kwaa m'manja.

Akutuluka, kalipentala anatsatira wofufuza uja mpaka pakhomo n'kumunong'oneza.

"Bwana, anthu aleka kundikhulupirira. Inu mitembo mumaiona tsiku ndi tsiku. Muzinditumizira, kangachepe kalipo."

Wofufuza uja anacheuka. Chimene anaona n'choti maso a kalipentala akumuyenda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, milomo ikugwedera chamumtima.

"Mukundiyeza?"

"Ayi bwana, chizolowezi chabe. Koma chifuwa mukutsokomolacho chayamba liti?"