Dzanja Lozizira la Teun

Golovesiyo Wessel anayamba kuiona ku Ghent, mzinda wakutali ndi kwawo, madzulo ena mvula yowaza itangokata. Inali itavekedwa pansonga ya chitsulo cha mpanda wa m'mbali mwa ngalande, zala zake zili njo kuloza kumwamba ngati za mwana wofuna kuyankha funso m'kalasi. Zimenezo pazokha si nkhani. Kwathu kuno ikafika nyengo yozizira, munthu ukaona golovesi itagwa pamsewu suitenga ndipo suipondanso. Umaitola n'kuiveka pampanda kapena panthambi, poonekera, kuti mwini wake akabwerera aipeze. Palibe anatiphunzitsa, timangochita. Chimene chinamuimitsa Wessel n'chakuti golovesiyo inali yofiira, yolukidwa pamanja, yakumanja, ndipo chala chake chachikulu chinali cha ulusi wobiriwira. Inzake yakumanzere inali m'chikwama chake, pansi penipeni, ataikulunga m'masokosi.

Magolovesiwo anali a mkulu wake Teun. Analuka ndi amayi awo, ndipo ulusi wofiira utawathera anamalizira zala zazikuluzo ndi wobiriwira, Teun n'kumanyadira ngati wagula zodula. Chaka chathacho, nyengo ngati yomweyi, Teun anaweruka kuntchito usiku, anakwera njinga, koma kunyumba sanafike. M'mawa mwake golovesi yakumanzere inapezeka pampanda wa m'mbali mwa mtsinje, munthu wina wokoma mtima ataitola n'kuiveka pamenepo. Njinga anaivuula m'madzi. Teun sanapezeke, pakuti mtsinje wakwathu ku Holland ndi waukulu ndipo umathamangira kunyanja.

Amayi sanalire mokuwa. Anangokakamira mfundo imodzi, yakuti mwana wawo wapita ndi dzanja limodzi lozizira. Tulo tinawathawa. Usiku ankangoyendayenda m'khitchini, ndipo kukacha ankapempha kuti golovesi yotsalayo akaiponye mumtsinje imulondole mwini wake. Wessel anakana kwamtuwagalu, chifukwa m'nyumba monse chinthu chokhacho chimene chinkanunkhabe fodya ndi mafuta a njinga a Teun chinali chimenecho. Anakangana miyezi. Mapeto ake anagula tikiti ya sitima imene achinyamata amayendera mizinda yambiri, n'kunyamuka golovesi ili m'chikwama. Iye ankati akukaona dziko. Ife omudziwa tinkaona kuti akuthawa amayi ake.

Choncho madzulo amenewo ku Ghent golovesi ya pampandayo sanaikhudze. Anadziuza kuti amayi oluka ndi ambiri ndipo ulusi umathera aliyense. Anagula tchipisi pakona, n'kubwerera kunyumba yogona alendo yotchipa, ya mabedi osanjikiza, kumene chipinda chimodzi mumagona anthu osadziwana, nsapato za aliyense zikununkha mwa mtundu wake. Pabedi lapamwamba pake pankagona Duarte, mnyamata wa ku Portugal wolongolola, yemwe ankadandaula za kuzizira ngati wina anamukakamiza kubwera.

Usiku umenewo Wessel anadzidzimuka anthu onse ali m'tulo. Mdima unali wandiweyani, kuwala kochepa kwa nyale ya mumsewu kukulowera pampata wa katani. Wina ankaliza mkonono, mapaipi otenthetsera nyumba ankalira pang'onopang'ono mkati mwa khoma, ndipo pansi pa phokoso lonseli panali kadontho, tho, kenako zii, kenako tho, penapake kuseri kwa chitseko. Anamvetsera mpaka khosi linauma. Kutacha anakasuzumira m'khonde, ndipo pansi panali pouma.

Koma atatuluka panja, golovesi ija inali pampanda woyang'anizana ndi khomo, itanyowa. Ngalande inali kutali ndithu, misewu ingapo kuchokera pamenepo. Wessel anabwerera m'chipinda, n'kulongedza. Duarte atamva kuti akupita ku Hamburg anati nayenso apita, chifukwa kuzizidwa uli awiri kuli bwinoko.

Ku Hamburg masiku anayenda bwino, moti mantha aja anayamba kuoneka opusa. Ankadzuka mochedwa, kudya buledi ndi tchizi zimene alendo ena asiya pashelefu ya aliyense, kuyenda mpaka mapazi kutupa, kusochera, kukhala pabenchi n'kumaonerera zombo. Ankachapa zovala zamkati mu sinki n'kuyanika pabedi. Amayi ankaimba foni madzulo aliwonse, ndipo Wessel ankangoiyang'ana mpaka isiye kulira. Zinkamupweteka, koma ankadziwa funso limene akanamufunsa.

Kenako m'nyumbamo munayamba manong'onong'o. Mtsikana wina pa chakudya cham'mawa anati usiku anamva munthu akukwera masitepe pang'onopang'ono, nsapato zikulira ngati zodzaza madzi. Ena anati ndi chidakwa chimene chinagwera m'chithaphwi. Wina anati masitepe anali onyowa mpaka pamwamba, koma mapazi otsika sanawaone. Anthu anaseka, n'kupitiriza kupaka jamu.

Madzulo ake Wessel atalowa m'chipinda anapeza golovesi yofiira itayanikidwa pachitsulo chotenthetsera, pafupi ndi bedi lake. Anatsika kukafunsa mayi Hinrichs, mayi wachikulire amene ankasamalira nyumbayo, ndipo iwo sanadabwe n'komwe.

"Ndaipeza pamasitepe, mwanawe, ili yonyowa. Dzulo posesa ndinagwetsa chikwama chako n'kuona inzake ikusuzumira m'masokosi, ndiye ndati ndikuyanikire. Ana a masiku ano mumataya chilichonse."

Wessel anathokoza, chifukwa munthu akakuchitira zabwino umathokoza.

Golovesiyo sinaume. Chitsulocho chinali chotentha moti masokosi a Duarte anauma gwa, koma iyo inkangodontha usiku wonse, tho, tho, ndipo m'chipinda munkamveka fungo la matope a mumtsinje. Wessel anagona chagada, maso ali tong'o. Mawu a Duarte anatsika kuchokera pamwamba, monong'ona.

"Aise, uli maso?"

"Eya."

"Chinthu chakochi chikununkha. Komanso usandinamize, ndinachiona ku Ghent chili pampanda. Sunachitenge iwe."

Pamenepo Wessel anamuuza zonse, za Teun, za njinga, za amayi. Duarte anati kwawo agogo ake akanaitana wansembe, koma iye wansembe samudziwa kuno, ndiye bola angothawa basi.

M'mawa anaiika m'pepala la pulasitiki, anamanga mfundo ziwiri, n'kuiponya m'bini ya pasiteshoni, Duarte akuona. Anakwera sitima ya ku Copenhagen. Njira yonse Wessel anafukata chikwama chake pamiyendo ngati muli mwana.

Ku Copenhagen kunkada msanga, ndipo chifunga chinkachokera kudoko n'kudzaza misewu. Anayenda masiku angapo osaona kanthu. Pamipanda panali magolovesi ambiri, akuda, achikopa, ting'onoting'ono ta ana, ndipo Wessel ankayang'ana iliyonse mtima uli m'mwamba. Duarte anayamba kumuseka kuti afunsire ntchito yowerenga magolovesi a mzinda wonse. Wessel anasekadi, koma usiku ankagona atavala nsapato.

Usiku wina Wessel anamva belu la njinga. Mumzinda umenewo njinga ndi zambiri kuposa anthu, koma belu limeneli linali losweka, lolira mosasa mawu, ndipo ankalidziwa kuyambira ali mwana. Teun ankaliliza kawiri akafika pageti kuti mng'ono wake amutsegulire. Linalira kawiri pansi pa windo. Wessel anadzuka, anavala jekete, anatulutsa golovesi yakumanzere m'masokosi muja n'kuiika m'thumba. Sanaganize kanthu. Mkulu wake anali ataitana, ndipo moyo wake wonse ankati akaitanidwa amapita.

Panja panalibe munthu. Nyale za mumsewu zinkaoneka ngati madontho achikasu m'chifunga, ndipo miyala ya pamsewu inkaterera. Belu linaliranso patsogolo, iye n'kulitsatira, kukhota, kutsika, mpaka anamva madzi akumenya khoma la doko mofatsa. Pamenepo panali mpanda wazitsulo wofika m'chiuno. Kuseri kwa mpandawo, m'madzi, munali chipilala chamtengo chomangirira maboti, ndipo pamwamba pake panali golovesi yofiira, zala zili njo. Palibe munthu woima pamtunda amene akanaifikira pamenepo.

Wessel anailakalaka. Mantha onse anatha, n'kutsala chifundo chokha, choti akangoitenga akhala ndi zonse ziwiri, Teun yense m'chikwama mwake. Anaponya mwendo kuseri kwa mpanda, kenako winawo. Anagwira chitsulo ndi dzanja limodzi n'kutambasula linalo pamwamba pa madzi akudawo. Anatsala pang'ono kuifikira. Anasuntha phazi, nsapato inaterera, ndipo pomwepo china chake chinamukoka lamba mwamphamvu kuchokera kumbuyo.

Anali Duarte, wopanda jekete, akunjenjemera, mano akugundana.

"Wapenga iwe?" anatero motsitsa mawu. "Ine ndikawauza chiyani amayi ako? Sindikuwadziwa n'komwe. Bwerera kuno."

Anamukokera mkati, onse awiri n'kukhala pansi pamiyala yonyowa, akupuma mwawefuwefu. Wessel anapisa dzanja m'thumba n'kukhudza golovesi yakumanzere ija. Anayang'ana mpanda, anayang'ana golovesi ya m'madziyo, ndipo manyazi anamugwira. Kuchokera ku Ghent anali atadutsa magolovesi osawerengeka, iliyonse itavekedwa ndi munthu wosamudziwa mwini wake, iliyonse ikudikira. Ngakhale imene inali m'thumba mwakeyi, munthu wachilendo anaisiya pampanda wa mtsinje kuti mwini wake akabwerera aipeze. M'maiko onsewa munthu mmodzi yekha ndiye anachotsa golovesi ya mwini pampanda n'kuthawa nayo, ndipo munthuyo anali iyeyo.

Anaitulutsa, anainunkhiza komaliza. Fungo la fodya linali litatha kalekale, inkangonunkha masokosi ake. Anaiveka pansonga ya chitsulo, anawongola zala chimodzichimodzi, chobiriwiracho n'kuchilozetsa kumadzi. Kenako anadzuka n'kumuuza Duarte kuti asacheuke.

Sanacheuke. Atafika pakona anamva belu lija kumbuyo kwawo, kawiri, kenako phokoso la tcheni cha njinga likupita kutali mpaka linazimiririka. Duarte anamugwira mkono mwamphamvu moti m'mawa panali zipsera za zala.

Kutacha anapitanso kudoko. Pampanda panalibe kanthu, pachipilala panalibenso kanthu. Duarte anayesa kunena kuti mwina wosesa mumsewu wachotsa, koma sanamalize. Pampanda womwewo, chapafupi, panali kagolovesi ka mwana kamene kanakhala pamenepo mpaka kuchita ndere, ndipo palibe anakakhudza.

Anasiyana pasiteshoni. Duarte anati akupita kumwera kumene dzuwa limagwira ntchito yake, ndipo anamukumbatira Wessel mpaka sitima inatsala pang'ono kumusiya. Wessel anayenda usana wonse, manja ali m'thumba, n'kufika kwawo kutada. Sanaimbe foni. Geti linalira monga mwa masiku onse, ndipo asanagogode chitseko chinatseguka.

Amayi anali ataonda, koma m'maso mwawo munalibe kufiira kumene anawasiya nako. Sanamufunse za mizinda, sanamukalipire za mafoni. Anamugwira manja onse awiri, ozizira, opanda kanthu, n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Wamupatsa?"

"Eya, amayi."

"Ndinadziwa," anatero akumukokera m'nyumba. "Usiku wathawu ndinagona mpaka kucha. Lowa, utenthetse manjawa."