Phiko la Mayi Namzeze

M'zaka zimenezo ndege zinali zitayamba kulankhula. Buku lija amakaniko ankalembamo matenda a ndege analilowetsa m'chifuwa mwa ndegeyo n'kulipatsa mawu. Lamulo linali limodzi basi: woyendetsa asanyamuke asanamve kuchokera kwa ndegeyo kuti palibe pakuwawa.

M'mawa wina, nkhungu ili mbuu pabwalo, Kaputeni Tiyanjane Mkwezalamba anagwira mphuno ya Namzeze, ndege yoyendera dzuwa, yamapiko onyezimira ngati madzi. Apaulendo anali atakhala kale m'kati. Iyeyo mtima unali ku Karonga, kumene mng'ono wake ankamanga ukwati masana omwewo.

"Mwadzuka bwanji, mayi Namzeze?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu a Kaputeni?"

"Basitu, yavomera," anatero Lumbani, mnzake woyendetsa naye. "Tiyeni achemwali, mungakapeze mpunga utatha."

Tiyanjane anaponda makwerero, n'kuima. Moni ujatu unamveka ngati wa malemu azakhali ake, omwe ankati "bwinobwino" ali gone pamphasa, phala likuwakanika. Paja makinawa anaphunzira Chichewa pomvera anthu. Ulemu nawo sanausiye.

Tiyanjane anatsika n'kukakhala pansi kunsi kwa phiko, miyendo atatambasula ngati wodzazonda matenda.

"Mayi, sitikuthamangira kulikonse. Usikuwu munagona?"

Timagetsi ta m'mapiko a Namzeze tinkaphethira pang'onopang'ono m'nkhungumo.

"Ndinagonako. Ndinalota ndili pamwamba pa Nyika, mitambo ikundisisita pamimba."

"Nanga m'thupimu?"

"Aa, n'zazing'ono. Phiko lakumanzereli limachita dzanzi ndikafika kozizira. Sindinafune kukuvutitsani, poti muli ndi ukwati."

Amakaniko atatsegula anapeza mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, utakwawa mpaka pomwe phiko limagwirana ndi thupi. Lumbani anavula chipewa. Za mpunga sanazitchulenso.

Ulendo unalephereka. Ukwati uja Tiyanjane anauonera pa kagalasi ka pamkono koonetsa kanema, atatsamira tayala, Namzeze akuyimba nawo chapansipansi nyimbo za kwaya uku amakaniko akumuwotcherera phiko. Akwati atavekana mphete, misozi inalengeza m'maso mwa Tiyanjane.

"Pepani, a Kaputeni," anatero Namzeze.

"Khalani chete inu, mukudwala."

Kuyambira pamenepo, pabwalo lililonse la ndege pamakhala kampando kunsi kwa phiko, ndipo maulendo amachedwerapo. Anthu anapatsa ndege mawu kuti moni ufupikitse ntchito, ataiwala kuti wodwala waulemu saulula pa moni, amadikira womukhalira pansi.