Timba ndi Chinthu Chotsegula Mabotolo

Uyu ndi Timba. Onse amamutchula choncho chifukwa ndi wamng'ono ngati kambalame. Komanso sakhazikika pansi mwana ameneyu.

Timba ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti amayi ake amuluke tsitsi.

Amayi ake anali oluka tsitsi. Ankalukira anthu pakhonde. Zala zawo zinkathamanga kwabasi. Koma tsopano chipeso chinkangokhala pazenera. Anthu akabwera, amayi ankawabweza.

"Amayi, mundiluka liti?" anafunsa Timba.

"Mawa, mwanangu."

Kutacha, Timba anafunsanso.

"Mawa, mwanangu."

Amayi ankayankha manja ali m'matumba a juzi. Ngakhale dzuwa liswe mtengo, manja anali m'juzi momwemo. Tsitsi la Timba linangoti nyankhalala.

Kenako m'nyumbamo munayamba zachilendo.

Botolo la mafuta linali chitsegulire. Chitini cha shuga chinali chitsegulire. Chitseko cha kukhitchini chinali chitsegulire. Mpopi unkangodontha, tho, tho, tho. Nsapato za amayi zinalibe zingwe. Wina anali atazisolola zonse.

Timba ankatseka botolo. Pobwera kusukulu, ankalipeza lotsegula.

M'mawa uliwonse kunkamveka kaphokoso. Kankadutsa pakhomo pa chipinda cha Timba.

Khwee. Khwee. Khwee.

Chinthu chinkakoka mapazi pansi. Chinkayenda pang'onopang'ono. Chikafika kukhitchini, chinkabuula chapansipansi.

Mmmm. Mmmm.

Timba ankafunda bulangete kumutu komwe.

Tsiku lina analowa kukhitchini asanapite kusukulu. Munalibe munthu. Galasi la zenera linali ndi nthunzi. Pagalasipo panali chidindo cha dzanja. Zala zake zinali zonenepa pakati. Zinali zokhota.

Timba anachiyang'anitsitsa. Dzanja la amayi ankalidziwa bwino. Linali lowongoka, la zala zazitali. Ili silinali lawo ayi.

Anathamangira pakhonde.

"Amayi, kodi m'nyumba muno muli chinthu?"

"Chinthu chanji, iwe?"

"Chotsegula mabotolo."

Amayi anayang'ana kumbali.

"Ndi mphepo imeneyo. Fulumira, uchedwa kusukulu."

Mphepo yotsegula mabotolo? Aa, amayi inunso. Timba ndi wamng'ono, inde, koma si wopusa.

M'njira monse ankangoganiza. Chinthuchi chikuvutitsa amayi. N'chifukwa chake asiya kuseka. N'chifukwa chake asiya kuluka. Chikasowa chotsegula, chichoka. Chikachoka, amayi andiluka.

Madzulo ake Timba anayamba ntchito. Anatseka botolo la mafuta, n'kukhwimitsa. Anatseka chitini cha shuga, n'kukhwimitsa. Anatseka fulasiki ya madzi ofunda, n'kukhwimitsa. Mpopi anautseka ndi manja onse awiri, mpaka unasiya kudontha.

Chinatsala chitseko cha kukhitchini. Chogwirira chake chinali chobulungira ngati kampira. Potsegula pankafunika kuchipotoza. Timba anakoka chitsekocho mpaka chinatsekeka kuti gwa.

"Tione mawa," anatero Timba.

Kunacha. Kunja kunali nkhungu. M'nyumba munali zii.

Khwee. Khwee. Khwee.

Chinthu chija chinadutsa. Chinafika pachitseko cha kukhitchini. Chinaima.

Gwede. Gwede.

Chinkagwedeza chogwirira chija.

Gwede. Gwede. Gwede.

Chitseko sichinatseguke. Kunakhalanso zii. Kenako chinthu chinakhala pansi kuti khu. Chinayamba kulira motsitsa mawu.

Timba anachita mantha kwambiri. Koma chipinda cha amayi chinali pafupi pomwepo. Nanga chikakalowa mwa amayi?

Timba anadzuka. Anatenga tsache. Anayenda monyang'ama, wopanda nsapato. Pansi pankazizira.

Pakhoma panali chithunzithunzi. Chinali cha dzanja. Zala zake zinali zokhota. Zinkayesa kutambasuka, koma zinkakanika.

Timba anakweza tsache. Anasuzumira.

Anali amayi.

Anali atakhala pansi, atatsamira chitseko. Misozi inali m'masaya. Manja anali pamiyendo, osabisa.

Tsache linagwa.

"Amayi?"

Amayi anafuna kubisa manja m'juzi. Koma Timba anali atawaona kale. Zala zinali zotupa m'mfundo. Zina zinali zitapindika. Timba anakhudza chala chimodzi pang'ono. Chinali chotentha.

"Zikupweteka?"

"Kwambiri, mwanangu. M'mawa zimauma ngati timitengo. Maondo nawonso amauma. N'chifukwa chake ndimakoka mapazi."

"Nanga kukhitchini mumakatani?"

"Ndimakaviika manja m'madzi ofunda. Ndikatero zala zimamasukako."

"Nanga mabotolo aja?"

"Ndine. Ndikatseka, sinditha kutsegulanso. Zingwe za nsapato nazonso zinandikanika kumanga."

Timba anayang'ana chitseko chija. Anakumbukira fulasiki. Anakumbukira mpopi. Anayamba kulira.

"Ndatseka ndine, amayi. Zonse ndatseka ndine. Ndimafuna kuthamangitsa chinthu."

Amayi anamukumbatira ndi mikono, zala zili m'mwamba.

"Usalire. Iwe ukanadziwa bwanji? Ine sindinakuuze."

Timba anapukuta misozi. Anapotoza chogwirira, chitseko chinatseguka. Anatsegula fulasiki. Anathira madzi ofunda m'beseni. Amayi anaviika manja, n'kupumira m'mwamba.

"Amayi, bwanji osapita kuchipatala?"

Amayi anayang'ana m'beseni.

"Ndikuopa, mwanangu."

"Jakisoni?"

"Ayi. Ndikuopa kuti akandiuza kuti ndisiye kuluka."

Timba anaganiza pang'ono.

"Komatu mwasiya kale, amayi."

Amayi anayang'ana chipeso pazenera. Anayang'ana tsitsi la Timba.

"Kanditengere nsapato," anatero amayi.

Awiriwo anayenda pang'onopang'ono mpaka kuchipatala. Zitseko zonse ankatsegula ndi Timba.

Adokotala anali mayi wovala magalasi. Anagwira manja a amayi mosamala. Anaona chala chilichonse. Anaonanso maondo.

"Imeneyi ndi nyamakazi," anatero adokotala.

"Nyamakazi n'chiyani?" anafunsa Timba.

"Pinda chala chako. Waona pamene chapindikirapo? Imeneyo ndi mfundo. Ndi pokumanira mafupa awiri. Nyamakazi imagwira pamenepo. Pamatupa. Pamapweteka. Pamauma."

"Inenso ingandigwire ndikawakhudza?"

"Ayi, siipatsirana. Uziwagwira dzanja ndithu amayi akowa."

"Ndiye achira?"

"Nyamakazi ilipo ya mitundumitundu. Tiyeza magazi kuti tidziwe mtundu wake. Nthawi zambiri siitheratu. Koma tikhoza kuifooketsa kwambiri."

Adokotala anatembenukira kwa amayi.

"Mwachita bwino kubwera, mayi. Munthu akachedwa, mfundo zimawonongeka."

Amayi anafunsa ndi mawu aang'ono.

"Nanga kuluka, adokotala?"

"Kutupa kukachepa, muzilukabe. Koma muzipumira. Zala sizifuna kupanikizidwa. Sizifunanso kungokhala."

Amayi anatseka maso. Anamwetulira koyamba.

Analandira mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa. Zotsatira za magazi zitatuluka, analandiranso ena oteteza mfundo. Adokotala anati azibwerabwera kudzaonedwa. Anawaphunzitsanso masewera a zala.

Fumbatani. Tambasulani. Fumbatani. Tambasulani.

M'mawa uliwonse Timba ankathira madzi ofunda m'beseni. Amayi ankaviika manja. Kenako ankachitira limodzi masewera aja.

Fumbata. Tambasula. Fumbata. Tambasula.

Amalume a Timba, mchimwene wawo wa amayi, anabwera ndi zida zawo.

"Mlongo, mumangovutika chinunu nthawi yonseyi?" anatero amalume, akupukusa mutu.

Anachotsa chogwirira chobulungira chija. Anaikapo chachitali. Chimenecho amayi ankangochitsindika ndi chigongono.

Zinthu sizinasinthe tsiku limodzi ayi. Masiku ena zala zinkamvera. Masiku ena zinkakana, makamaka kukazizira. Zikakana, amayi ankanena. Sankabisanso manja m'juzi.

Timba anasiya kufunsa za tsitsi. Ankangolipesa yekha, n'kulimanga ndi kansalu. Koma mumtima ankafunabe.

Tsiku lina kunja kunafunda bwino. Amayi anaitana ali pakhonde.

"Timba, bweretsa chipeso ndi mafuta."

"Kwabwera munthu?"

"Munthu wake ndiwe. Khala apa."

Timba anakhala pansi, pakati pa miyendo ya amayi. Sanagwedezeke n'komwe. Timba yemweyu, wosakhazikika uja.

Amayi anagawa tsitsi. Analuka mzere umodzi waukulu. Anapuma. Anatambasula zala. Analukanso wina. Anapumanso.

Zala sizinkathamanga ngati kale. Mzere wina unakhota pang'ono. Koma zinali zala za amayi, zofunda, m'mutu mwa Timba.

Amayi anakoka katsitsi ka pafupi ndi khutu. Timba anatsinzina.

"Zikupweteka?" anafunsa amayi.

"Pang'ono," anatero Timba. "Nanga inu, amayi?"

"Inenso pang'ono."

"Ndiye tisiye?"

"Ayi, mwanangu. Weramutsa mutu, timalize."