Pampu Yodzuka Yokha

Mzime anayamba kuimva pampuyo usiku womwe anafika. Ankamutcha Mzime chifukwa ndiye wotsiriza kubadwa, ndipo popeza ntchito zowawa zimagwera wamng'ono, abale ake anamutuma iyeyo kuti akatenge amayi awo, asamakhale okha m'nyumba imene bambo anawasiyamo atamwalira. Amayiwo anali atanenetsa kale kuti sachoka.

Pampu ya pachitsime inali kuseri kwa khitchini, m'kachipinda konunkha dzimbiri, pambali pa thanki yabuluu imene bambo anaiika okha Mzime akadali kumsana. Ali mwana ankakonda kulira kwa pampuyo, chifukwa kunkatanthauza kuti wina akusamba, wina akutsuka mbale, nyumba ili ndi anthu. Koma tsopano inkalira mwachilendo. Mdima uli bii, agalu atatopa n'kuuwa, kunkamveka kuti tha! kenako huu, n'kuduka, tha! huu, n'kudukanso, ngati munthu wobanika. Mapaipi a m'khoma ankanjenjemera mpaka kumutu kwa bedi lake.

Mayi woyandikana nawo anamunong'oneza pampanda: "Akuti malemu aja sanachoke m'nyumbamo. Ifenso kuno timamva." Mzime anaseka, koma usiku umenewo anagona nyale ili chiyakire, ndipo mausiku otsatira tulo sanatione.

Anaitana pulambala. Bamboyo anagogoda thanki ndi sipanala, pamwamba ndi pansi, ndipo ponse pawiri panamveka phi, phi.

"Yamwa madzi iyi, achemwali. Mpira wa m'kati wang'ambika, mpweya watha, n'chifukwa chake pampu ikungoyaka n'kuzima. Mukailekerera ipsa."

Anazimitsa magetsi n'kutsegula kampopi ka pansi, madzi ofiira ndi dzimbiri n'kuyamba kuyenderera mpaka pabwalo. Atamasula mapaipi, awiriwo anaigubuduzira thankiyo kunja, amayi ataima pakhomo. Mzime anaona pambali pake pamene bambo ankalembera msinkhu wa ana ndi msomali. Pulambala anaika yatsopano, naipopera mpweya, koma ponyamula zida zake anatsitsa mawu.

"Komatu thanki, kaya yakale kaya yatsopano, siidzutsa pampu payokha. Mapaipi ndawaona onse, sakudontha. Alipo amene amatsegula mpopi usiku."

Mzime mtima unamuwawa. Ndiye kuti amayi mutu wayamba kuwasokonekera, ndipo nkhani yoti atsale inathera pomwepo.

Usiku umenewo Mzime anakhala tsonga pabedi, khutu lili tcheru. Nyumba inali zii, moti ankamva malata akuthetheka ndi kuzizira. Kenako pampu inayamba, mofatsa tsopano, kulira kwautali ngati kwa masiku aja. Anadzuka osavala nsapato, akupapasa khoma, mpaka pakhomo la khitchini. Madzi ankamveka akutsikira musinki. Mumdimamo anaona amayi ake ataima, dzanja lili pampopi.

"Amayi, ndinu? Anthu onsewa kuopa mizukwa, chonsecho ndinu! Mawa tikulongedza, simungakhale nokha chonchi."

"Usafuule," anatero amayiwo chapansipansi. Anapotokola mpopiwo mpaka madzi analeka, ndipo patapita kanthawi pampu inazima. Anapukuta manja pachovala chawo, osamuyang'ana.

"Ine sinditsegula, mwanawe. Ndikamva madzi ndi pamene ndimadzuka kudzatseka. Bambo ako chikwatiranireni sanatsekepo mpopi bwino. Akasamba m'manja amangotembenuka n'kumapita. Ndawakalipira moyo wanga wonse, osamva."

Mzime anawayandikira. Sopo wa pasinki anali ndi thovu, pamene manja a amayi sankanunkhira sopo.

"Ndiye undiuze," anatero amayi, "ndikapita nawe, aziwatsekera ndani?"