Diresi la Feggie M'chigafa

Feggie ankakhala ku Chamama. Ankafunitsitsa kuimba kutsogolo m'kwaya ya ana. Tsiku loimba linali mawa lake, Lamulungu. Koma diresi lake loyera linali litada ndi matope.

Mwanayu anali ndi kamawu kake kamodzi. Kamawu kake kanali "kaye".

"Feggie, chapa diresi dzuwa likadalipo," anatero amayi. "Masana kubwera mvula."

"Ndidye kaye chimanga chootcha, amayi."

Amayi ndi abambo anapita kumunda kukathyola fodya.

Feggie anadya chimanga. Anatunga madzi. Anatenga sopo. Kenako mnzake Olive anaitana.

"Feggie! Tiye tikasewere!"

"Ndisewere kaye," Feggie anauza diresi. Analisiya pomwepo.

Anasewera fulaye. Anasewera phada. Anathamangitsa ziwala. Miyendo ya Feggie sinkadziwa kukhala pansi.

Mitambo inada. Mphepo inawomba. Feggie anathamangira kunyumba. Anachapa msangamsanga. Anayanika pachingwe.

Tho! Tho! Tho! Mvula ija yafika!

Feggie analira. "Diresi lonyowa ndiimba nalo bwanji?"

Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anaona chigafa cha abambo. M'chigafa ndimo amaumitsira fodya. Mvula siilowamo, koma mphepo imalowa. Feggie anapachika diresi pakati pa masamba a fodya. Sanauze munthu.

M'mawa diresi linali litauma. Feggie anadumphadumpha. Anavala. Anathamangira kutchalitchi.

Anaima kutsogolo. Anatsegula pakamwa.

"Etsi!"

Olive nayenso, "Etsi!"

Kwaya yonse, "Etsi! Etsi!"

Ana onse ankayetsemula. Diresi linkanunkha fodya!

Feggie anachita manyazi kwambiri. Anafuna kuthawa. Amayi anamugwira dzanja. Anatuluka naye panja. Anamuvula diresi kuseri kwa tchalitchi. Anamuveka chitenje chawo chamaluwa.

"Pita ukaimbe, mwana wanga."

Feggie analowanso. Anaimba mokoma. Palibe anayetsemula.

Pobwerera, abambo anaseka mpaka misozi. "Fodya wanga waimba nawo kwaya lero! Zengerezu adalinda kwawukwawu, Feggie."

Feggie anangowerama.

Loweruka linafikanso. Dzuwa linatuluka. Olive anaitana.

"Feggie! Tiye tikasewere!"

Miyendo ya Feggie inayamba kuyabwa. Anayang'ana Olive. Anayang'ana diresi. Anayang'ana kumwamba.

"Ndichape kaye!" anakuwa Feggie.

Amayi ndi abambo anayang'anana.

"Kamawu komwe kaja," anatero amayi. "Koma lero kakhala pamalo pake."

Diresi linauma pachingwe. Feggie analianula. Analipinda bwinobwino. Kenako anasewera fulaye, mtima uli m'malo.

Masana mvula inabwera. Sinapeze kanthu pachingwe.