Kulira kwa Mabuleki pa Mlatho

Namakutu anatseka ofesi basi yomaliza itapita kale. Dzinalo anamupatsa ndi anzake, chifukwa ntchito yake inali yomvetsera phokoso tsiku lonse. Kampani ya mabasi inkafuna kudziwa phokoso limene okwera angathe kulipirira. Ndiye anthu ankabwera mmodzimmodzi, kukhala pampando, kuvala chigalasi chachikulu chophimba maso ndi mahedifoni m'makutu, n'kumadziona ngati ali m'basi yeniyeni, msewu ukuthawira kumbuyo pawindo. Akavula ankanena ngati ulendowo unali wabwino kapena wosowetsa mtendere.

Phokosolo anakalijambula yekha Namakutu m'mabasi enieni. Ndipo aliyense akafika pamene basi ikutsetsereka n'kuyamba kulira kuti tswiii, ankagwiritsa mpando. Mayi wina anachita kukuwa kuti amutsitse.

Madzulo a tsikulo bwana anamuimirira kumsana.

“Chotsamo kaphokoso kameneko. Kakutiwonongera zotsatira. Eni mabasi akufuna kumva zabwino Lolemba.”

“Koma bwana, amenewo ndi mabuleki.”

“Unalembedwa umakaniko iwe? Chotsa, ukatero uzipita.”

Anachotsadi. N'chimene chinamuchedwetsa, ndipo n'chimene chinkamutentha mumtima pamene ankayenda wapansi mumsewu wopanda munthu. Kafukufuku wanji wofunsa anthu utayamba wawatseka makutu? Si kusesa m'nyumba n'kukankhira zinyalala kunsi kwa bedi kumeneko? Bwanayo ali ndi galimoto yake, basi amangoionera m'chigalasi. Okwera ndi iye Namakutu, ndi ana ake awiri popita kusukulu. Koma akanakana bwanji, pakhomo ponse pakuyang'ana iye?

Njira yachidule inkadutsa pa mlatho wakale. Magetsi a pamenepo anali atazima, kupatula limodzi lomwe linkangophethira. Pansi madzi ankayenda mwakachetechete.

Atafika pakati, anamva.

Tswiii...

Analumphira m'mbali n'kucheuka. Kunalibe basi. Kunalibe ndi njinga yomwe. Anadzigwira m'makutu. Mahedifoni anawasiya ku ofesi.

Tswiiiii...

Tsopano pafupi. Kumsana kwenikweni!

Atabweza maso kutsogolo, panali munthu. Bambo wamtali, wa chipsera pachibwano, atavala jekete la madalaivala lachikale, chipewa chili m'manja. Jeketelo linkadontha madzi. Do... do... do... Chonsecho mvula inali isanagwe mwezi wonse.

“Mwawamva mabulekiwo, mayi?” anafunsa bamboyo mwaulemu.

Namakutu anabwerera m'mbuyo pang'ono, bamboyo n'kupitiriza.

“Ine ndinawamva miyezi itatu. Ndinauza akapitawo. Ndinalemba ndi kalata yomwe. Anati ndizikweza wailesi, okwera asamadandaule.”

“Ndinu... ndinu ndani, bambo?”

“Wailesi ndinakwezadi.” Anapukusa mutu pang'onopang'ono. “Nanga inu lero mwakweza chiyani?”

Wadziwa bwanji? Pochotsa phokosolo mu ofesi muja Namakutu anali yekha. Yekhayekha!

“Chitsulo chikamalira, chimakhala chikupempha thandizo. Bwezeranimo phokosolo, mayi. Anthu amve.”

Getsi lija linazima. Mdima bii! Litayakanso, pamalopo panalibe munthu. Panali chithaphwi chabe, ndi fungo la tayala lopserera.

Namakutu anathawa. Nsapato imodzi inatsala pamlatho, sanaicheukire. Anakaima pageti pa galaja ya mabasi, kutsidya, pamene mlonda wachikulire ankawotha moto.

“Mwana wanga, akukuthamangitsa ndani?”

Anafotokoza uku akupuma modukizadukiza: za chigalasi, za bwana, za phokoso limene anachotsa, ndi za dalaivala wa pamlatho uja. Mantha atayamba kutsika, ukali unabwerera.

“Mawa ndikalibwezeramo, achite kundichotsa ntchito! Ndipo dalaivala wanuyo ndikumufuna, akanene yekha pamaso pa bwana zimene wandiuzazi. Amayamba nthawi yanji? Wamtali, wa chipsera apa.”

Mlonda anasiya kusonkhezera moto. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anavula chipewa.

“Ameneyo sayambanso ntchito, mwana wanga. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo basi yake inakana kuima potsetsereka paja, n'kuthyola chitsulo cha mlatho. Anthu khumi ndi awiri anapita naye. Pomuvuula m'madzi ndinalipo, ndinamunyamula ndi manja angawa.”

Namakutu anakhala pansi, pafumbi pomwepo.

“Nanga kalata yake ija?”

“Kalata?” Mlonda analavula pambali. “Akuluakulu analemba kuti anali ataledzera. Munthu woti mowa sanaulawepo chibadwire! Mkazi wake mpaka lero amayenda chozyolika pamsewu, ana ake amatchedwa ana a chidakwa chopha anthu. Takhala tikumuona pamlathopo enafe, koma amangoima duu. Iwe ndiwe woyamba kumumva akuyankhula.”