Matabwa a ku Luwani

Nkhani iyi sindinaitole m'minibasi. Anandifotokozera ndi a Callista eni ake, kapitawo wa osanja katundu m'sitolo yopikulitsa ya a Sulemani pa Zalewa. A Sulemaniwo, munthu wosakonda zoyankhulayankhula, anavomera kuti zinaterodi.

Chaka chimenecho a Sulemani anakulitsa chipinda chosungira katundu. Matabwa a mashelefu anakawagula ku Luwani, ochokera panyumba yakale imene ankagawiramo chakudya kwa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Anali matabwa akuda, olimba, onunkhabe utsi.

Lachisanu masana sitolo imatsekedwa: a Sulemani ku mzikiti, antchito kukasaka tchipisi kumsewu. Womaliza kutuluka m'chipindamo ankakhala Gerishon, bambo wa ana anayi, poti ndiye ankasesa. Tsono chikhomereni mashelefuwo, pobwerako ankapeza katundu wa pashelefu yam'munsi ali pansi. Osati womwazika ayi. Woyalidwa bwinobwino m'timilu, mzere kuchokera pakhomo mpaka kukhoma: paketi ya mchere, sopo, kabotolo ka mafuta, nyemba. Chosowa panalibe.

"Akukonzekera kudzatulutsa ameneyo," anatero a Sulemani. "Mwezi ukatha, basi, azipita."

"Bwana, wakuba amayala katundu ngati pamsika?" anafunsa a Callista.

"Kapitawo ndinu, mayi. Mumuuze."

A Callista sanathamangire. Anamufunsa kaye Gerishon, iye n'kuseka.

"Ine, mayi? Kafunseni akunyumba ngati ndinayalapo chinthu mwaudongo chonchi."

Atatero anapitiriza kusesa.

Lachisanu lotsatira a Callista anamuuza Gerishon kuti aperekeze bwana ndi kukawadikira panja pa mzikiti. Iwo anadzitsekera m'chipindamo, nakhala pathumba la shuga kuseri kwa makatoni. M'mawa umenewo mchere unali utagulidwa kwambiri. Pashelefu yam'munsi panatsala wochepa, wina uli pamwamba.

Malata ankathetheka ndi dzuwa. Lole inadutsa kulowera ku Mwanza. Mawu a kumzikiti oitanira anthu ku mapemphero a swala anamveka, n'kutha.

Kenaka zii.

Linayamba ndi fungo. Utsi wa nkhuni zaziwisi. Thukuta la anthu amene ayenda ulendo wautali. Kenaka mapazi, ambirimbiri, opanda nsapato, akukhwekhwereza pasimenti. Wina anatsokomola. Khanda linayamba kulira, wina n'kulitonthoza.

Koma munthu a Callista sanamuone.

Anaona sopo akutsika pashelefu. Pang'onopang'ono. Mafuta. Nyemba. Mulu uliwonse ukakwana, pankamveka kuwomba m'manja, kofewa, kwa munthu wogwada.

Mzere unafika pafupi ndi makatoni, n'kuima. Mchere unali utatha.

"Mayi," anatero mawu a mzimayi, pafupi ndi khutu lawo. "Tatsala ife. Tili ndi ana."

A Callista amati mantha analipo, koma chimene chinawadzutsa ndi manyazi, manyazi a kapitawo amene shelefu yake yapezeka yopanda kanthu anthu ali pamzere. Anakwera makwerero. Anatsitsa paketi, n'kuitambasulira m'malere.

Inalandiridwa. Ndi manja awiri. Iwo anamva kulemera kukuchoka m'zala zawo.

Anatsitsa ina. Inanso. Mpaka mzere unakhudza khoma. Mapazi aja anatembenuka, nazilala ngati mvula ikamapita kuphiri.

A Sulemani anabwera ali ndi Gerishon pambuyo. A Callista atatsegula, bwanayo anayang'ana milu ija, nayang'ana Gerishon amene nthawi yonseyo anali kuwadikira panja pa mzikiti. Ananunkhiza utsi uja. Kenaka anavula nsapato pakhomo, ngati akulowanso mumzikiti.

"Matabwawa tiwazule?" anafunsa a Callista monong'ona.

A Sulemani anatembenukira kwa wosesayo.

"Gerishon," anatero, "shelefu yam'munsiyi ndi yako. Isadzapezekenso yopanda mchere."

Gerishon alipobe. Wantchito watsopano aliyense a Callista amamuphunzitsa kuti Lachisanu kusanja kumayambira pansi, ndipo safotokoza chifukwa. Masana akabwerako amabwezera okha katunduyo pashelefu, mulu ndi mulu, atagwada.

Chimodzi chokha amachinena motsitsa mawu. Poyamba mzere unkafika kukhoma. Chaka chatha unkathera pakati pa chipinda. Lachisanu lapitali anapeza milu iwiri yokha pafupi ndi khomo, waukulu ndi waung'ono.